Kodi nyenyezi zimajambulika ku chipululu kokha?

FUNSO: Akulu, ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Mangochi. Pa Facebook ndimaona zithunzi za ku chipululu cha Namib: mitengo youma ili chilili, kumwamba mlalang'amba uli mbee. Ine ndikayesa pakhomo pathu, chithunzi chimangotuluka bii. Kodi mpaka ndipite ku chipululu? Ndine mnyamata wa ku Mpondasi.

YANKHO: Achimwene, za pasipoti zidikire kaye. Thambo la ku chipululu limakongola chifukwa mpweya wake ndi wouma, mitambo imasowa, ndipo magetsi a m'matauni ali kutali. N'chifukwa chake akatswiri a zakuthambo anamanga makina awo aakulu oonera nyenyezi ku chipululu cha Atacama ku Chile, ndipo mu 2012 dera la NamibRand ku Namibia linavomerezedwa kukhala malo otetezerako mdima wa usiku. Mitengo munaionayo iyenera kuti ndi ya ku Deadvlei, m'chipululu cha Namib momwemo, yomwe inauma zaka mazanamazana zapitazo koma sivunda chifukwa kulibe chinyontho.

Zambiri mwa zimenezi Mangochi amatipatsa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha. Ikafika Seputembala, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba nyenyezi za m'munsi, ndiye musachedwe. Komanso tili ndi malambe. Nyengo imeneyi mlambe umakhala utayoyola masamba, ndipo kwa ine nthambi zake pachithunzi cha usiku sizichepera mtengo uliwonse wa ku Namib. Ndimakonda kulowera cha ku Monkey Bay, n'kupatuka pamsewu mpaka magetsi a pa boma atabisika.

Sankhani masiku omwe mwezi uli mumdima. Mu Juni, cha m'ma 7 koloko madzulo, mbali yowala kwambiri ya mlalang'amba imakhala ikukwera chakum'mawa, mopendekera kum'mwera. Nthawi yabwino ndi imeneyo, chifukwa imakwana m'chithunzi chimodzi ndi mtengo. Pakati pa usiku imakhala pafupifupi paliwombo, ndipo kuiphatikiza ndi za pansi kumavuta.

Tsono kamera. Chithunzi chanu chimada chifukwa mukuisiya kuti idzisankhire yokha. Ikani pa M, pomwe mumasankha zonse nokha. Tsegulani lenzi mpaka f/2.8 kapena pomwe yanu ikuthera, ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) ikhale 1600 kapena 3200, ndipo kamera ikhale pa tripod, kachitsulo ka miyendo itatu. Ngati mulibe, thumba la mpunga pamwamba pa njerwa limagwira bwino ntchito. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho mukatsegula nthawi yaitali nyenyezi zimasanduka timizere. Kuti mudziwe masekondi oyenera kutsegula, gawani 500 ndi nambala ya mm ya lenzi yanu: ya 20mm ikupatsani masekondi 25, ndipo ine ndimachepetsako kufika 20. Kamera zing'onozing'ono zomwe ambiri timajambulira maukwati zimafuna masekondi ocheperapo, mwina 15. Fokasi ya otomatiki imasochera mumdima, ndiye izimitseni, mukulitse nyenyezi imodzi pasikirini, n'kupotoza lenzi mpaka isanduke kadontho. Tcherani taimala ya masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze. Tochi muikulunge ndi pulasitiki yofiira kuti isakuthobweni m'maso, pakuti maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima.

Kunyanja kuli nkhani yakeyake. Masiku a mdima omwe inu mukufunawo ndi omwenso asodzi a usipa amayatsa nyali pamadzi. Ena amadandaula kuti zimawononga chithunzi. Ine ndimazikonda: mzere wa nyali m'munsi, nyenyezi pamwamba, chimenecho wa ku Namibia sangachijambule kwawo. Mungochepetsa ISO kuti nyalizo zisawale mopitirira pachithunzi. Koma m'mbali mwa madzi mame amagwa palenzi, choncho tengani kansalu kofewa, ndipo mwera ukamawomba mangirirani mwala ku tripod. Pafupi ndi bango, makamaka cha ku Shire ndi Malombe, musaimepo usiku. Kumeneko n'kwa mvuu ndi ng'ona.

Chomwe sindidumpha ndi kukaonekera kwa amfumu kudakali kowala. Munthu wachilendo woima pansi pa mlambe usiku ndi kachitsulo ka miyendo itatu, anthu angamuganizire zina. Fotokozani chomwe mwadzera, pemphani mnyamata wa m'mudzimo akuperekezeni, ndipo chithunzi choyamba chikatuluka mumuonetse iyeyo.