Yankho: Kukaonerera Indra Jatra ku Kathmandu

Achemwali, mwafunsa ngati mungakaonerere chikondwerero cha Indra Jatra ku Kathmandu, likulu la dziko la Nepal. Pitani ndithu. Sikuti mpaka mukhale Mhindu kapena Mbuda kuti mukaonerere Indra Jatra, chifukwa zambiri zimachitikira poyera, pabwalo la Durbar Square. Chikondwererochi chimatenga masiku 8, kawirikawiri mu Seputembala, koma chimayendera mwezi wakumwamba, ndiye tsimikizani tsiku musanagule tikiti ya ndege.

Loti musaphonye ndi tsiku lokoka ngolo ya Kumari, kamtsikana kochokera m'banja la Chibuda la a Shakya, komwe Ahindu ndi Abuda omwe amakalemekeza ngati mulungu wamkazi. Ngolo zimakhala zitatu, ndipo anthu amazikoka ndi zingwe m'timisewu tothina. Ine ndinalawirira n'kupeza pokhala pamasitepe a kachisi. Ochedwa ankangoona misana ya anzawo. Ovina a Lakhey, ovala zigoba zofiira zatsitsi lanyankhalala, adzakukumbutsani Gule Wamkulu. Akamabwera apatseni njira.

Pomwe sindingakulimbikitseni kuyandikira ndi pa chinkhope chachikulu cha chifaniziro cha mulungu wotchedwa Swet Bhairav. Mowa wampunga umatuluka m'kamwa mwake kudzera m'paipi, ndipo anthu amakankhana zedi polimbirana kadontho. Onererani chapatali, foni ndi ndalama zili m'kachikwama kapamimba.

Valani zophimba mapewa ndi mawondo, vulani nsapato polowa m'kachisi, ndipo akakuuzani kuti muno n'mwa Ahindu okha, musakangane nawo. Ambulera musasiye, mvula imakhala isanatheretu.

Za katemera wa taifodi ndi matenda a chiwindi, kaonaneni ndi dokotala kudakali milungu ingapo, makamaka ngati muli oyembekezera kapena muli pamankhwala.