Timikanda timene tinathandiza mayi anga kupuma

Bambo wina woweta nsomba wandilembera imelo. Akufunsa ngati zeolite, mwala wa timabowo ting'onoting'ono, wothira m'damu la nsomba ndi yemweyo wa m'mafakitale, komanso ngati angathe kudzipangira yekha pakhomo.

Achimwene, funso lanuli landibwezera ku Januwale wa 2021. Mayi anga ankabanika ndi Covid, ndiye tinabwereka makina opanga okosijeni. Usiku wonse ankangolira "fuu, tsii" pafupi ndi bedi lawo, ine nditakhala pampando kumvetsera. Patapita masabata awiri mpweya unayamba kuchepa. Mmisiri atawatsegula anandionetsa mabotolo awiri achitsulo odzaza timikanda ngati mapira. "Zeolite ameneyu," anatero, "wamwa chinyezi cha dzinja, watopa." Timikandato tili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timagwira nayitirojeni wa mumpweya umene timapuma n'kusiya okosijeni kuti adutse. Moyo wa mayi anga unali pa timabowo timeneto.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga za mwalawu. Mu 1756 Axel Cronstedt wa ku Sweden anatenthetsa mwala wina, n'kuona ukutulutsa nthunzi ngati ukuwira, ndiye anaupatsa dzina lachigiriki lotanthauza "mwala wowira". Wachilengedweyo amapangika phulusa la mapiri ophulika likakhala zaka zikwizikwi m'madzi okhala ndi soda. Wopangidwa ndi anthu anayamba ndi akatswiri a sayansi Richard Barrer ndi Robert Milton m'zaka za m'ma 1940. Amasakaniza silika, aluminiyamu ndi caustic soda, n'kuziphika pa madigiri pafupifupi 100 mpaka phalalo litasanduka timiyala ta mabowo ofanana kukula. Luso lonse lagona pa kufanana kumeneko, chifukwa bowo likakula pang'ono limalowetsa zosafunika.

N'chifukwa chake mtima umandiwawa ndikaona anthu pa Facebook akugulitsa ufa wa zeolite ati "umatsuka magazi". Kumeneko n'kubera odwala. Mwalawu ntchito yake yeniyeni ilipo yambiri: uli mu sopo waufa wochapira, ndipo ku Fukushima ku Japan, malo opangira magetsi a nyukiliya ataonongeka mu 2011, anaugwiritsa ntchito kukola cesium, poizoni wa nyukiliya, m'madzi oipitsidwa.

Tsono za damu lanu

Zeolite wa m'damu si yemweyo wopangidwa m'mafakitale ayi. Inu mukufunika wachilengedwe wotchedwa clinoptilolite, amene amakola amoniya, poizoni amene nsomba zimatulutsa m'madzi. Muikeni m'kathumba podutsa madzi, akakhuta mumunyike m'madzi amchere, mumutsukuluze bwino musanamubwezere. Zophika nokhazo zisiyeni, caustic soda wotentha amawotcha khungu ndi maso.