Koilo yosakira miyala yakumwamba: yaikulu kapena yaing'ono?

Funso: Makina anga ofufuzira zitsulo m'nthaka anabwera ndi koilo, chimbale cha kunsi kwa ndodo chomwe chimamva zitsulo pansi, ya mainchesi 11 m'lifupi. Ndikufuna ndizisaka nawo miyala yogwa kuchokera kumwamba, ija amati meteorite, m'minda ndi m'malo a tetete. Anzanga akuti ndigule koilo ya mainchesi 18 poti imafika pansi kwambiri. Ndigule?

Yankho: Musathamangire kutulutsa ndalama, achimwene. Yambani mwadziwa mwala womwe mukusaka, chifukwa miyala imeneyi ndi yosiyanasiyana. Ina ndi chitsulo chokhachokha chosakanikirana ndi nickel, monga wa Hoba ku Namibia wolemera matani pafupifupi 60, kapena wa Mbozi ku Tanzania. Yotereyi makina alionse amaimva msanga. Koma yoposa 80 mwa 100 iliyonse yomwe imagwa ndi ya mtundu wa chondrite, mwala woti chitsulo chake ndi tizidutswa ting'onoting'ono tomwazikana mkati. Ma chondrite ofala ali m'magulu a H, L ndi LL: m'gulu la H chitsulocho chimakwana magawo 15 mpaka 20 pa 100, m'gulu la L chimachepa kufika pakati pa 4 ndi 10, ndipo m'gulu la LL sichipitirira 3. Mwala womwe unagwa ku Machinga mu Januwale 1981, wolemera makilogalamu 93, unali wa gulu la L.

Tsono apa ndi pamene koilo yaikulu imakhumudwitsa anthu. Ikamayenda imamva dothi lochuluka nthawi imodzi, ndiye kachidutswa ka chondrite ka magalamu 10 kapena 20 kamamira m'phokoso la dothilo. Mumadutsa pamwamba pake makina ali chete. Komanso zidutswa zazing'ono zotere sizilowa pansi kwambiri zikagwa, zambiri zimakhala pamtunda kapena masentimita ochepa chabe. Kufika pansi komwe anzanu akunenako simukukusowa. Koilo yanu ya mainchesi 11 ndi yabwino poyambira, ndipo ngati mukufuna yachiwiri, gulani yaing'ono ya mainchesi 6, kapena yotalikira ya 5 x 10, yoti izilowa pakati pa mapesi ndi miyala.

Onaninso frequency ya makinawo, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde omwe amatumiza pansi pa sekondi iliyonse. Makina a mtundu wofala wa VLF (very low frequency) osakira golide, omwe frequency yawo ndi yokwererapo, ndi omwe amamva bwino timiyala tachitsulo chochepa: Fisher Gold Bug 2 amayenda pa 71 kHz, Minelab Gold Monster 1000 pa 45 kHz. Malo otchuka a Gold Basin ku Arizona, ku America, komwe kwatoledwa zidutswa zambirimbiri za gulu la L, anadziwika mu 1995 kudzera mwa anthu omwe ankasaka golide ndi makina otere.

Funso: Nanga koilo yaikulu ntchito yake ndi iti?

Yankho: Ndi ya miyala yachitsulo ikuluikulu yomwe inakwiririka kalekale. Ku Brenham, m'chigawo cha Kansas ku America, osaka amakoka koilo yotambalala kuseri kwa galimoto yaing'ono ya m'munda. Mu 2005 Steve Arnold anafukula kumeneko mwala wa makilogalamu 650 womwe unali pansi mamita oposa 2. Ntchito yotere imafuna makina a pulse induction, a PI, omwe amatumiza mphamvu ya magetsi pansi modukizadukiza, okhala ndi koilo ya mono, ya bwalo limodzi la waya, kapena ya felemu ya mita imodzi mbali zonse, ngati yomwe amagwiritsa ntchito pa makina a Lorenz Deepmax. Koma amachita zimenezi pamalo omwe akudziwa kale kuti miyala yachitsulo inagwapo. M'munda wosadziwika, koilo yotere imangokukumbitsani makasu akutha ndi zidutswa za pulawo.

Dziwaninso kuti kuya sikuwonjezereka molingana ndi ndalama. Chinthu chaching'ono chikatalikira kawiri kuchoka pa koilo, mphamvu ya chizindikiro chake imatha kutsika mpaka ka 64. N'chifukwa chake kunyamula koilo masentimita 5 m'mwamba pothawa udzu kumakutayitsani zambiri kuposa zomwe koilo yodula ingakubwezereni.

Funso: Kwathu dothi ndi lakatondo, makina amangolira paliponse. Koilo yafa?

Yankho: Kawirikawiri siinafe. Katondo amafiira chifukwa cha dzimbiri la chitsulo lomwe lili m'dothimo, ndipo makina amalimva. Pa dothi lotere sankhani koilo ya DD, yomwe mkati mwake muli mawaya awiri opindidwa ngati zilembo D ziwiri zopingasana pakati. Imamva kamzere kopapatiza kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo kwa koilo, motero dothi lomwe imamva pa nthawi imodzi ndi lochepa. Ya concentric, ya mabwalo awiri lina mkati mwa linzake, imaloza bwino pomwe pali chinthu koma pa katondo imasokosa. Kumva kwake kumanka kupapatiza ngati fanulo pamene mukupita pansi, choncho poiyendetsa mzere uliwonse uzibwereza theka la mzere wapitawo. Ndi DD kubwereza gawo limodzi mwa atatu n'kokwanira.

Musanaweruze koilo, chitani ground balance, kutchera makina kuti asamalirire dothi, pamalo opanda chitsulo: ikwezeni ndi kuitsitsa pakati pa masentimita 3 ndi 20 kuchokera pansi mpaka kulira kukhazikike, ndipo bwerezani dothi likasintha mtundu. Kenako tsitsani sensitivity, mphamvu ya kumva kwa makina, pang'onopang'ono. Phokoso likapitirira, vundukulani chivindikiro cha pansi pa koilo. Mchenga wakuda umalowa m'menemo n'kumayendayenda, makina n'kumalira ngati apeza chinthu. Tsukani, umitsani, bwezerani. Waya wa koilo muukulunge mothina pa ndodo, makamaka chakumunsi, chifukwa ukamagwedera koilo imamva waya wake womwe. Bauti yomangira koilo ikathyoka musaikepo yachitsulo, pamafunika ya pulasitiki. Nsapato zachitsulo kumphuno zisiyeni kunyumba, ndipo pafupi ndi mawaya amagetsi dinani noise cancel, batani lochepetsa phokoso la magetsi, apo ayi bwererani ku koilo yaing'ono yomwe siitola phokoso lambiri lamagetsi.

Chinthu chomwe chimalepheretsa ambiri ndi discrimination, katcheredwe kochititsa makina kukana zitsulo zina. Makina amabwera atatcheredwa kuti azikana chitsulo ndi misomali, pamene mwala wakumwamba kwa makinawo ndi chitsulo basi. Zimitsani discrimination, yendani pa all metal, pomwe makina amalirira chitsulo chilichonse. Chondrite yomwe yakhalitsa m'dothi chitsulo chake chimachita dzimbiri, ndiye imalira mofooka ngati mwala wamba wa maginito. Kulira kotere musakudumphe, kumbani.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti koilo ndi yoyenera ndisanataye masiku kutchire?

Yankho: Pezani kachidutswa ka chondrite yeniyeni, monga NWA 869 yomwe amagulitsa motchipa, mukakulunge m'kapepala ka pulasitiki, mukakwirire m'dothi la komwe mukasake pa masentimita 5, kenako 10, kenako 15. Dutsani ndi koilo iliyonse pa liwiro lomwe mumayendera. Kuyesera m'mwamba ndi dzanja kumanamiza chifukwa dothi palibe. Pogula koilo onetsetsani kuti inapangidwira makina anu enieniwo, pakuti pulagi ikhoza kulowa koma frequency osagwirizana, ndipo ya PI siigwira pa VLF.

Zolira zambiri m'minda yathu zidzakhala zotsalira za ng'anjo zakale, zomwe zimakhala ndi timabowo ta mpweya, ndi magnetite, mwala wakuda wachitsulo wokokedwa ndi maginito. Khwekhwerezani mwalawo kuseri kwa tailosi: magnetite amasiya mzere wakuda, hematite, mwala wina wachitsulo, amasiya wofiirira, pamene chondrite imasiya wosaoneka bwino. Ngati mwala wangogwa kumene ndipo uli ndi khungu lakuda lopyapyala, musaukhudze ndi maginito amphamvu, chifukwa amafufuta zomwe akatswiri amayeza mkati mwake. Mukawolokera ku Namibia kapena ku South Africa, malamulo akumeneko amateteza miyala imeneyi ndipo kuitola kapena kuitulutsa kunja kumafuna chilolezo. Kuno kwathu, pemphani kaye kwa mwini munda ndi kwa amfumu, ndipo dzenje lililonse mukwirire musanachoke.