Kodi ndisiye kulemba mpaka ana akule?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ana atatu. Amagwira ntchito tsiku lonse, akaweruka amakadwazikanso apongozi awo, ndipo buku limene analiyamba zaka zinayi zapitazo linaima pa mutu wachisanu. Funso lawo ndi limene ndaliika pamwambapa.

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, koma tsiku limenelo ndinalephera kuyankha. Inanditokosa pachilonda chakale, chifukwa ine ndinasankha njira inayo, ndipo banja langa ndi limene linalipira.

Chaka chimene ndinkamaliza buku langa loyamba, ndinkati ndikangofika kuchokera kuntchito, ulendo wa kuchipinda, chitseko n'kutseka. Ana ndinawauza kuti asamagogode pokhapokha wina akavulala. Mumtima ndinkati uku ndiye kulimbikira kumene wolemba weniweni amafunika. Usiku wina, cha m'ma 11 koloko, potuluka ndinaponda kope la mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Analilowetsa kunsi kwa chitseko, pensulo ataipanikiza pa tsamba limene aphunzitsi ankafuna kuti kholo lisayinepo. Masamu onse khumi anali atakhoza. Mwanayo sanagogode, anamvera lamulo langa bwinobwino n'kupita kukagona. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, kope lili m'manja, nyumba yonse ili zii.

Kutacha ndinawafotokozera mayi a kunyumba, ndikuyembekeza kuti andimvera chisoni. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, inu mukadzitsekera mmenemo, mumayesa anawa amasamba okha, kugona okha?" Miyezi isanu ndi itatu anasenza nyumba okha, ndipo ine sindinawapemphepo n'komwe. Ndinangotenga.

Kuyambira pamenepo sindigwirizana nawo anthu amene amati nthawi yolemba umaipeza ukakhala ndi khama. Ola lililonse limene ndakhala pa desiki, pali wina amene wagwira ntchito imene ndikanagwira ine. Pokamba za khama, ambiri amatchula Anthony Trollope, wolemba wa ku England wa m'zaka za m'ma 1800. Iyeyu ankagwira ntchito ku positi ofesi, koma hafu pasiti faifi m'mawa amakhala ali kale pa desiki, wotchi ili patsogolo, kulemba mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse. Analemba manovelo 47. Zoona zimenezo. Chimene sakonda kutchula n'chakuti anali ndi wantchito amene ankamudzutsa ndi kumubweretsera khofi. Kumuuza mayi amene wachezera usiku ndi wodwala kuti "muzingodzuka 4 koloko" ndi nkhanza, ndipo malangizo otere amandikwiyitsa kwabasi. Tulo si ulesi. Munthu wosagona amalemba zimene mawa lake amazifufuta, ndipo amakalipira ana popanda chifukwa.

Koma pa zodikira kuti ana akule, pepani mayi, ndikukana. Ana akakula pamabwera fizi, kenako makolo kukalamba, kenako zidzukulu. Komanso buku likakhala nthawi yaitali osaligwira limazizira, anthu a m'nkhanimo amasiya kukulankhula, ndipo pobwerera umakhala ngati mlendo pa zolemba zako zomwe. Toni Morrison, wolemba wa ku America, analera yekha ana aamuna awiri akugwira ntchito ya ukonzi ku kampani yosindikiza mabuku ya Random House, ndipo ankalemba kusanache ana asanadzuke. Novelo yake yoyamba inatuluka mu 1970 ali ndi zaka 39, mphoto ya Nobel n'kudzalandira mu 1993. Sindikunena kuti muchite ngati iyeyo ayi. Chimene ndimaonapo ine n'chakuti analemba ana ali m'nyumba momwemo, ndipo sanachedwe ndi chilichonse.

Pali mdani winanso amene sitimutchula, poti kuloza ana n'kosavuta. Nditayamba kuwerengera mmene maola anga ankathera, ndinapeza kuti m'chipinda chotseka chija nthawi yambiri ndinkakhala pa WhatsApp ndi Facebook. Mwana ndinkamuletsa kugogoda, koma foni ikalira ndinkayankha pompo. Zimenezi zimandipwetekabe mpaka lero.

Ndiye mutani?

Khalani pansi ndi bambo a kunyumba, muwapemphe nthawi yochita kutchula tsiku ndi ola, osati "ndikapeza mpata". Ikhale yochepa, ngakhale mphindi 30. Mawu 200 patsiku, masiku asanu pa sabata, ndi mawu 1,000, ndipo pakutha pa chaka mukhala ndi mawu oposa 50,000. Foni muziisiya kunja. Muzilekeza pamene mukudziwa chimene chikubwera, kuti mawa musayambe ndi kudzikanda m'mutu. Ana muwauze nthawi imene mutuluke, ndipo ikakwana mutulukedi, ngakhale chiganizo chili pakati. Sabata imene apongozi afooka, bukulo ligone kaye, musadziimbe mlandu, ingowerengani tsamba lomaliza kamodzi kuti lisakuthaweni m'mutu.

Ndipo pa nkhani ya apongoziyi, imelo yanu yonse simunatchulemo ana awo ena, ngakhale bambo a kunyumba amene ndi mwana wawo. Mukakhala pansi muja, mufunse kuti masiku ena odwazika agwira ndani.