Tinangolowana, ndiye ndituluke ndi mapoto okha?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo ndipo wapempha kuti dzina ndisatchule. Mwachidule akuti: "Ndakhala zaka 9 ndi bambo a ana anga, ana alipo awiri, chinkhoswe sitinapange tinangolowana. Tinagula puloti n'kumanga nyumba koma mapepala ali m'dzina lawo. Ine ndimagulitsa kaunjika, malata onse ndinagula ine ndi ndalama za banki m'khonde. Pano apeza mkazi wina, akuti nditenge zovala ndi mapoto ndizipita poti sitinakwatirane. Kodi ndili ndi gawo pa nyumbayi?"

Achemwali, pepani kwambiri, zimenezi n'zowawa. Gawo muli nalo, ndipo musalole munthu akuthamangitseni ndi mawu akuti "sitinakwatirane". Mawu amenewa azibambo ambiri m'tauni muno amawadalira, koma malamulo a dziko lino sanena choncho. Konsitityushoni yathu pa gawo 22 imavomereza maukwati a mitundu ingapo, wa ku boma, wachikhalidwe, komanso wa anthu amene angokhalira limodzi mpaka aliyense akuwadziwa ngati banja. Lamulo la maukwati la 2015 lija, Marriage, Divorce and Family Relations Act, linawonjezera zoti khoti ndi limene limagamula ngati kulowana kwanuko kuli ukwati, ndipo mukhale kuti mwakhala limodzi zaka zosachepera 5. Limaonanso ngati muli ndi ana, mmene mumayendetsera ndalama, katundu amene munapeza limodzi, ndi mmene anthu a m'dera amakuonerani. Inu zaka 9, ana awiri, aneba onse amakuitanani kuti mayi a kunyumba a uje, ndiye apa poyambira mulipo.

Tsopano nkhani ya dzina pa pepala, apa ndi pamene amayi ambiri amafooka n'kungonyamula chikwama usiku. Dzina pa pepala ndi umboni wamphamvu, sindikunamizani, koma si mapeto a nkhani. Gawo 24 la Konsitityushoni limati ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, ndipo lamulo la 2015 limauza khoti kuti liwerengere zimene aliyense anaikapo, kaya ndi ndalama kaya ndi ntchito za pakhomo. Eya, kuphika, kuchapa, kulera ana, zonsezo zimawerengedwa. Bambowo amakwanitsa kugula simenti chifukwa ndiwo, makala ndi fizi ya ku nazale zimachokera pa benchi panu pa kaunjika, ndiye munthu asakuuzeni zoti inu mumangodya. Amene anatunga madzi oumbira njerwa, kuphikira amisiri nsima masana aliwonse mpaka nyumba kufika pa lintala, ameneyo wamanga nawo basi.

Komabe ndisakupatseni chiyembekezo chabodza. Chilungamo sichitanthauza kuti chilichonse chidulidwa pakati ndendende. Khoti limayang'ana zambiri, ndani amapeza zingati, ndani atsala ndi ana, zaka ndi thanzi la aliyense. Zimene bambowo anali nazo musanakumane, kapena munda umene anasiyiridwa ndi makolo awo, musaziwerengere kwambiri. Komanso ngongole imene munatenga limodzi pomanga nyumbayo ikambidwe nawo, osangofuna zabwino zokhazokha.

Chimene ndikupemphani muchite lero lomwe, osati mawa, n'kusonkhanitsa umboni mwakachetechete. Kabuku ka banki m'khonde kaja kamene kakuonetsa tsiku limene munatenga loni, malisiti a ku hadiweya olo atafufutika bwanji, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba, ma chat a pa WhatsApp amene ankati "tumiza ya malata ija", jambulani zonse mutumize kwa m'bale wanu amene mumamukhulupirira, chifukwa zinthu zikavuta foni imasowa kapena kuphwanyidwa. Mmisiri amene anakhoma denga akudziwa amene ankamulipira. Amene anakugulitsani puloti, amfumu kapena a block leader amene anasainira, amayi a gulu lanu, onsewa ndi mboni. Lembaninso katundu yense wa m'nyumba, filiji, sofa, TV, njinga, ndi chaka chimene munagula.

Mukatero yambani ndi kukambirana. Mulibe ankhoswe, inde, koma muli ndi amalume anu ndipo bambowo ali ndi akwawo, akhale pansi. Ndipo akuluakuluwa akumbutsane kuti ngakhale mwambo wathu sunkalola mkazi kuchoka chimanjamanja, kumadera a chikamwini mwamuna amayenera kumangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo, ndipo makhoti akhala akulamula zimenezi banja likatha. Mukagwirizana, zilembedwe ndipo mboni zisayine. Za pakamwa zokha ayi, pakatha miyezi itatu mkazi watsopano atalowa mudzamva kuti sitinanene choncho. Ndipo chonde musasayine pepala lililonse muli okwiya kapena mukulira, litengeni mukawerenge ndi munthu wina.

Zikakanika pitani ku khoti la majisitireti lapafupi mukafotokoze, akuuzani ngati nkhaniyo ithere pomwepo kapena ipite ku High Court. Ngati ndalama ya loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu. Mukamva mphekesera zoti nyumba ikutsatsidwa malonda nenani msanga, khoti lingathe kuletsa kugulitsa mpaka mlandu utatha. Chithandizo cha ana ndi nkhani ina payokha, bambo ayenera kuthandiza ana ake kaya munakwatirana kaya ayi, ndiye asakunyengerereni zoti "ndizilipira fizi bola nyumba uyisiye".

Simunanene ngati akukumenyani kapena kukuopsezani. Ngati zili choncho musakakamire m'nyumbamo pofuna kulondera makoma, tengani ana mupite ku polisi ku Victim Support Unit. Kuchoka pothawa nkhanza sikufafaniza zimene munaika pa nyumbayo, ndipo lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 limapatsa khoti mphamvu yolamula kuti wankhanzayo ndi amene atuluke, inu ndi ana mutsale.