Kodi injini amaiboola kapena amaikuza?

Mafunso a sabata ino achokera kwa anzathu a ku Johannesburg, ndipo onse akukhudza galimoto imodzi: BMW 325i yakale ya masilinda 6, imene amakaniko akwathu akuidzutsa m'galaja ina ku Booysens. Ndiyamba ndi funso limene lautsa mkangano pakati pawo.

"Aphunzitsi, ine ndine makaniko. Injini tatsitsa, taiphwasula, ndipo buloko tikuipititsa kwa a mashini kuti masilinda akule, tiikemo mapisitoni aakulu. Mnzanga wina akuti tizinena kuti tikuboola injini, wina akuti tikuibowa. Cholondola n'chiti?"

Achimwene, anzanu onse awiri aphonya. Kuboola ndi kuchita bowo pamene panalibe bowo, ndipo kawirikawiri choboolacho chimatulukira kuseri. Msomali umaboola tayala, khoswe amaboola thumba la chimanga, mtsikana amaboola khutu kuti avale ndolo. Koma silinda ndi bowo loyendamo pisitoni, limene linabwera kale ndi buloko, thunthu la injini, kuchokera ku fakitale. Mukamuuza mwini galimoto kuti mwaboola injini yake, ngati Chichewa amachimva bwino agwira mutu, chifukwa injini yobooka ndi ija imene ndodo ya pisitoni yathyoka n'kutulukira m'mbali mwa buloko, oyilo mbwee pansi. Imeneyo ndi injini yakufa, pamene inu mukuidzutsa.

Kubowa ndakukana chifukwa china. Mawuwa ndi obwereka ku Chingerezi, ndipo kubwerekako ndilibe nako mlandu. Vuto n'lakuti achinyamata anawatenga kale n'kuwapatsa ntchito ina: akati "filimu iyi yandibowa" ndiye kuti yawatopetsa. Ndiye mukalembera munthu wa ku Zomba pa WhatsApp kuti lero mwabowa injini, samva chimene mwachita.

Mawu amene akukwana bwino ndi kukuza. Nenani kuti "tikukuza masilinda". Mashini amapala khoma la m'kati mwa silinda pang'onopang'ono, bowolo n'kumka likula, ndipo mneni wathu akunena zomwezo popanda kuonjeza kapena kuchotsa.

Pano mundilole ndikhalitsepo, chifukwa ena afunsa kuti nanga kukulitsa kwalakwanji. Sikunalakwe, koma kuli ndi nkhope ziwiri. Mchira wa -itsa umatha kutanthauza kuchititsa, monga "akulitsa nyumba yawo". Umathanso kutanthauza kupyola muyeso, monga "nsapato iyi yakulitsa" kapena "tiyi watsekemeretsa". Tamvani ziganizo ziwiri izi: "akulitsa bowo" ndi "bowo lakulitsa". Choyamba ndi ntchito imene munatuma. Chachiwiri ndi maliro a buloko, chifukwa kuseri kwa khoma la silinda kumadutsa madzi oziziritsa injini. Khomalo likapyapyala mopyola limatha kung'aluka, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo, ndipo malo a pakati pa silinda ndi silinda amachepa mpaka gasiketi, chotsekera pakati pa buloko ndi mutu wa injini, kupsa. Pa foni, m'phokoso la galaja, mawu awiriwa sachedwa kusokonekera. N'chifukwa chake ine ndimakonda kuti ntchitoyo tiziitcha kukuza, ndipo kukulitsa tikusungire tsoka lija. Makaniko akati "silinda yachitatu yakulitsa", aliyense adziwe kuti zinthu zavuta.

Muyeso wake ndi waung'ono kuposa mmene ambiri amaganizira. Injini ya 325i ili ndi masilinda a mamilimita 84 m'mimba mwake, pisitoni imayenda mtunda wa mamilimita 75, ndipo zonse pamodzi zimakwana ma cc 2,494 (cc ndi muyeso wa kukula kwa injini; ma cc 1,000 ndi lita imodzi). Mukakuza silinda iliyonse ndi milimita imodzi, kufika 85, mwaonjeza ma cc pafupifupi 60 basi. Mukakuza ndi theka la milimita, mwaonjeza pafupifupi 30. Kwa injini yomwe inkadya oyilo ndi kufuka utsi chifukwa masilinda anaperepeseka, kusintha kumamveka ndithu, koma mbali yaikulu ya mphamvuyo ndi ija inatayika yomwe yabwerera.

Pali ntchito ina yotsatira imene ndamva ena akuitcha kusalaza. Nayonso mawu ake ndi osocheretsa. A mashini akatha kukuza, amadutsitsamo miyala yonolera imene imasiya timizere topingasana pakhoma, ndipo timizereto ndi timene timasunga oyilo kuti maring'i, mphete zozungulira pisitoni, akhazikike. Khoma losalala ngati galasi silifunika. Kukwecha kukuyandikira kwambiri zimene zimachitikazo.

Funso lachiwiri lachokera kwa mayi amene amalemba makalata ndi malisiti a pagalajapo. "Kodi ndilembe silinda kapena sirinda? Nanga zikachuluka ndi masilinda kapena zisilinda?"

Mayi, lamulo limene tinaphunzira kusukulu likuti r amatsatira i ndi e, monga kulira ndi kuwerenga, ndipo l amakhala m'malo ena onse. Potsata lamulolo bwenzi tikulemba sirinda. Koma mawu obwereka ambiri sanaligonjere: timalemba filimu ndi miliyoni, ndipo palibe amadabwa. Lembani silinda. Zikachuluka, tsatani njira ya galimoto ndi magalimoto: silinda imodzi, masilinda awiri, pisitoni iyi, mapisitoni awa. Zisilinda likumveka ngati mukunena zinthu zikuluzikulu zosaoneka bwino, ndipo pa lisiti silikukhala.

Lachitatu ndi la mwini galimoto, bambo amene akhala ku Joni kuno zaka zambiri. "Ndikufuna yanga ifanane ndi Gusheshe ija ya malita 2.7. Ndikauza abale kumudzi, ndinene kuti ndaonjeza mphamvu za akavalo?"

Bambo, ndiyambe ndi Gusheshe, dzina limene anthu a ku Soweto ndi makomboni ena amatchula BMW ya mtundu umenewu, makamaka 325iS imene inatuluka mu 1990 kuchokera ku fakitale ya ku Rosslyn kufupi ndi Pretoria. Injini yake inafika malita 2.7 osati pokuza masilinda. M'mimba mwake munakhalabe mamilimita 84, koma anasintha kirankishafuti, chitsulo chimene mapisitoni amachizungulitsa, kuti pisitoni iziyenda mamilimita 81 m'malo mwa 75. Kumeneko ndi kutalikitsa, ndipo Chichewa chikusiyanitsa bwino ntchito ziwirizi: kukuza silinda ndi kwina, kutalikitsa ulendo wa pisitoni ndi kwinanso. Mukakuza kokha ndi milimita imodzi, simufika pa 2.7. Kambiranani ndi amakaniko anu ndi mawu awiriwa, mudziwe chimene mukulipira.

Za akavalo, ndikupemphani muwasiye. Muyesowo unachokera kwa James Watt, amene ankayerekeza mashini ake a nthunzi ndi akavalo okoka katundu kwawo ku Britain. Kwathu ngolo imakokedwa ndi ng'ombe kapena abulu, ndipo "mphamvu za akavalo 200" sizipereka chithunzi chilichonse kwa agogo a ku Ntcheu. Kuno ku South Africa mphamvu ya injini amaiyeza m'makilowati, ndipo 325iS yoyamba inali ndi makilowati 145, yotsatira 155. Kwa odziwa magalimoto tchulani nambalayo. Kwa abale kumudzi nenani mmene timanenera: galimoto ikukoka, pachitunda siikufooka, ikunyamuka msanga. Liwiro ndi nkhani ina, musaliphatikize ndi mphamvu, pakuti thirakitala ili ndi mphamvu koma ilibe liwiro.

Ndipo musadabwe ngati kukokako sikukufika pamene munkayembekeza. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tebo, chipangizo chokankhira mpweya m'injini, imapuma mpweya wochepa pa ulendo uliwonse wa pisitoni. Galimoto yomweyo mukaitsitsira ku Durban mudzaimva ikukoka kuposa kuno. Amakaniko anu akamati injini "ikubanika" kumtunda kuno, mawuwo asawasinthe, ndi Chichewa cholondola.