Achemwali, musafulumire kuvomera, ine anatsala pang'ono kunditenthera nyumba

Achemwali, mwandikhudza pachilonda. Nditangowerenga uthenga wanu woti anthu a kafukufuku wa zaumoyo akufuna inuyo muziwatsogolera khomo ndi khomo, mtima wangoti myuu. Ine ntchito imeneyo ndinaigwira mu 2017, m'mudzi mwathu m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chia kuno ku Nkhotakota.

A kafukufuku a nthawi imeneyo anabwera ndi galimoto ziwiri zoyera, nkhani yake ya likodzo. Ankafuna mkodzo wa ana m'timabotolo ndi timagazi ta pachala. Poti ndinafika Fomu 4 komanso ndinkathandiza kusikelo ya ana, amfumu anati iwe ndiwe uziwamasulira. Ndinavomera ndi mtima wonse, nanga ndani sadziwa likodzo kunyanja kuno? Anyamata amakodza magazi mpaka ena kumati ndiko kukula. Ndinayenda mudzi wonse kufotokozera azimayi kuti mazira amatuluka ndi mkodzo, akagwera m'madzi amaswa, tizilomboto timalowa mu nkhono, tikatuluka mmenemo timaboola khungu la mwana akamasambira kapena la mayi akamachapa. Zimenezi ndinachita kufufuza ndekha m'buku langa lakale la kusekondale, chifukwa fomu yawo inali masamba anayi a Chichewa choti ngakhale ine ndinkachita kubwereza kawiri. Amene anamasulira fomu imeneyo sanakhalepo pansi pa mtengo wa mango ndi agogo. Anthu anadinda zala chifukwa choona nkhope yanga, osati chifukwa anamva zolembedwazo.

Ana amene anawapeza ndi matendawa anawapatsa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel, apo sindingawanamizire. Anagawa sopo, n'kulonjeza pamaso pa amfumu kuti pakatha miyezi itatu abwera kudzanena zimene apeza. Ulendo unali womwewo.

Ndiye mukukumbukira zimene zinachitika chakumapeto kwa chaka chimenecho, nkhani ya anamapopa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo, anthu kuphedwa chifukwa chongoganiziridwa. Ife tinkangomvera pawailesi, koma mphekesera siilipira basi. Sabata yomweyo mwana wina mwa amene anabayidwa pachala anadwala, thupi moto, m'maso mwayera, m'manja mwayera. Anali malungo, ndipo malungo amathadi magazi, koma pitani mukauze mayi zimenezo mwana wake atalefuka kumsana. Kunali kutangoda, ndikudya kondowole pakhonde, ndinangomva phokoso likuchokera kudoko. Asodzi asiya maukonde, wina wanyamula nkhafi, anyamata miyala m'manja, wina kabotolo ka petulo wa injini ya boti. Mayi uja ali patsogolo, wamasula mwana n'kumugoneka pamapazi panga, akuti bweza magazi a mwana wanga, unawagulitsa zingati? Mayi anga anagwada pabwalo akulira, akuwatchula mmodzimmodzi mayina, anthu oti anawaona akubadwa. Ine ndikuimba nambala ya mkulu wa kafukufuku uja manja akunjenjemera, foni ikungoti nambala imene mwaimbayi siikupezeka. Katatu konse. Fungo la petulo lija mpaka lero ndikalimva pakabaza m'mimba mumatentha. Anandipulumutsa ndi a gulupu, amene anabwera opanda nsapato n'kuima pakhomo, akuti wofuna kutentha ayambe ine, ndiponso m'bale wina amene anakweza mwanayo panjinga yamoto usiku womwewo kupita naye kuchipatala. Mwana anachira. Ine ndinakakhala kwa achimwene ku Dwangwa miyezi iwiri.

Tsono chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Patapita zaka zitatu, mphwanga amene ali kukoleji anandipezera zimene analemba anthu aja. Zinatuluka m'magazini ya madokotala ya kunja. Nditatsegula pafoni, bandulo yanga yomwe ndi yovutikira, ndinangoona ndime imodzi yapamwamba, pansi pake akuti lipirani madola oposa 30 kuti muwerenge zonse. Mkodzo wa ana athu, magazi a ana athu, nyumba yanga imene inatsala pang'ono kupsa, ndiye ndilipirenso? Iwo anakwezedwa pantchito, anakalankhula m'mahotela, ife ngakhale kapepala kamodzi kopachika pamtengo wa pabwalo la amfumu sitinakaone. Akanangobwera tsiku limodzi lokha ndi chimkuzamawu n'kunena kuti magazi aja tinawayeza chakuti, tinapeza chakuti, otsala tinawataya motere, petulo uja sakanafika pakhomo panga. Anthu otere ndi akuba ovala tayi, ndipo ndikanakhala inu ndikanawauza kuti akapeze wina.

Komabe musakane. Ndikudziwa kuti ndikuoneka ngati ndikudzitsutsa, koma mukakana inu atenga wina amene akawauze anthu kuti ndi katemera kapena ndi thandizo la boma, zikavute kuposa. Komanso kafukufuku si mdani. Ife oyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota kaodzera timamudziwa, kashembe akaluma munthu. Matenda akafika ku ubongo mankhwala ake anali jakisoni wa melarsoprol, wokhala ndi poizoni wa arsenic, amene ankapha munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 20 olandira. Lero kuli mapiritsi a fexinidazole omwa masiku 10, ndipo anawayesa pa odwala a ku Rumphi ndi ku Uganda asanavomerezedwe mu Disembala 2023. Pakanapanda anthu ovomera kulowa m'kafukufuku bwenzi tikadali pa jakisoni uja. Katemera wa malungo wa ana naye anayamba kuperekedwa moyesera m'dziko muno mu 2019, pamodzi ndi Ghana ndi Kenya.

Chimene muchite, musayende nawo khomo ndi khomo asanaime okha pabwalo n'kulankhula ndi pakamwa pawo, inu muzingomasulira. Awonetse kalata yowaloleza yochokera ku komiti yovomereza kafukufuku, kaya ya NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kaya ya COMREC ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo nambala ya komitiyo imene imakhala pafomu muijambule, muiimbe iwo ali pomwepo muone ngati ikulowa. Tsiku lodzanena zotsatira alilembe m'buku la amfumu ndi kusaina. Afunseni poyera kuti magazi akupita kuti, adzasungidwa kufikira liti, ndipo zimene mudzalembe tidzawerenga ulere kapena ayi. Akayamba kuzungulira pa funso limenelo mudziwiretu.

Za kuwerenga ulerezo njira zilipo, ine ndinazidziwa mochedwa. Magazini ya madokotala ya Malawi Medical Journal ndi yaulere pa intaneti. PubMed Central, tsamba la pa intaneti losunga zolemba za kafukufuku wa zaumoyo, nayo zonse zili mmenemo ndi zaulere, mumangolemba dzina la matenda m'Chingerezi ndi dzina la boma lanu. Makoleji ndi zipatala zolembetsa ku Research4Life, pulogalamu yothandiza mayiko osauka kuwerenga zolemba za kafukufuku, amatsegula magazini ambiri otsekedwa, ndiye ngati muli ndi m'bale kumeneko mugwireni. Nthawi zinanso mukangolembera imelo mlembi wake amakutumizirani, poti madola aja salowa m'thumba mwake, amapita kwa osindikiza. Ine ndinatero, ndipo mtsikana wina wa m'gulu lawo lija anatumiza mawa lake ndi kupepesa. Kungoti ulere wakewo sunandithandize kwenikweni. Masamba onse Chingerezi cha madokotala, matebulo okhaokha, ndinakhala nacho sabata yathunthu ndi dikishonale, kenako n'kupita kwa azaumoyo athu kuti andimasulire manambala. Nditamvetsa ndinapempha amfumu aitanitse anthu kuti ndiwauze ndekha. Anabwera anthu osakwana 20, ambiri agogo.

Mayi a mwana uja sanabwere. Mwanayo pano ali kusekondale, amandipatsa moni bwinobwino, koma mayi akewo tikakumana kuchigayo amayang'ana kumbali.